Funsani Tikuyankheni: kodi boma limalipira wosamalira agogo?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera kwa anthu a pantchito kuno ku Blantyre amene akulera makolo okalamba. Akuyankha ndi gulu lathu la odziwa za chisamaliro cha anthu, malamulo a zantchito ndi unamwino.

Funso: Ndimagwira ntchito pafakitale ina ku Makata. Mayi anga a zaka 78 anadwala sitiroko chaka chatha, ndiye ndinakawatenga kumudzi kwa Kuntaja kuti tizikhala limodzi. Mnzanga amene ali ku UK akuti kumeneko boma limalipira munthu wosamalira kholo lake. Kuno ndingakalembetse kuti? (Mayi wa ku Ndirande)

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawo. Mnzanuyo sananame. Ku UK kuli ndalama yotchedwa Carer's Allowance, yolandira munthu amene amasamalira wodwala maola 35 kapena kuposerapo pa sabata, bola malipiro ake a kuntchito asapitirire mlingo woikika. Ku South Africa nkhalamba imayamba kulandira ndalama ya boma ikafika zaka 60, ndipo ikakhala yosatha kudzisamalira amaiwonjezera kangachepe ka woisamalira. Kwathu kuno ndalama yolembedwa dzina la wosamalira palibe. Musataye ndalama za minibasi kuzungulira maofesi kufunafuna fomu yake.

Chimene chilipo ndi Mtukula Pakhomo, ndipo ndalama imeneyi imatsata banja, osati wosamalira. Inayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo pofika 2018 inali itafika m'maboma onse 28. Imasankha mabanja pafupifupi 10 mwa 100 aliwonse, ndipo banja liyenera kukhala ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi: umphawi wadzaoneni, komanso kusowa munthu wogwira ntchito. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ambiri saimvetsa. Amawerenga anthu a zaka 19 mpaka 64 amene ali ndi mphamvu. Ngati pakhomo palibe woteroyo, kapena alipo mmodzi koma akudalira iyeyo ndi opitirira atatu (ana, okalamba, odwala nthawi yaitali, aulumali), banjalo limalowa m'gulu loganiziridwa. Ndalama zimakula malinga ndi kuchuluka kwa anthu pakhomo, ndipo pamakhala kena kowonjezera pa mwana aliyense amene ali pasukulu.

Tsono taonani pamene pali vuto lanu. Pulogalamuyi imayenda kwambiri m'madera a mafumu monga kwa Kuntaja, Kapeni, Somba, Kunthembwe ndi Lundu, pansi pa khonsolo ya boma la Blantyre. Mumzinda thandizo la ndalama lakhala likubwera mwa apo ndi apo pakagwa vuto, monga K35,000 pamwezi imene mabanja ena analandira kwa miyezi itatu nthawi ya Covid-19. Mayi anu akanakhala kumudzi okha ndi tidzukulu akanatha kuyenerera. Lero ali m'nyumba ya munthu wolandira malipiro, ndipo pa kaundula amaoneka ngati osamalika, ngakhale kuti matewera ndi mankhwala zikukuthererani ndalama mwezi usanafike pakati. Ife tikuona kuti apa ndondomekoyi imalanga mwana wachifundo, ndipo nkofunika kuikonza.

Chitani izi. Pitani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya kwa DC ndi chiphaso cha unzika cha mayi, mufunse ngati khomo lawo la kumudzi lili m'kaundula wa UBR, womwe ndi buku lalikulu lomwe mapulogalamu a boma amatengamo mayina. Ngati ankalandira kale ndipo kumudziko kwatsala ana kapena wina wowadalira, musangokhala chete. Kauzeni komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'mudzimo kuti alembe za kusinthaku ndiponso dzina la wolandira m'malo mwawo. Mabanja ambiri amataya thandizo chifukwa mwini dzina anasowa pamalo olandirira maulendo angapo popanda wonena chifukwa. Ngati sanalembedwepo, funsani kuti kalembera wotsatira adzafika liti m'dera lawo, pakuti mayina atsopano salowa tsiku lililonse.

Funso: Ndinamva pawailesi kuti kwabwera lamulo la anthu achikulire ndipo azilandira ndalama mwezi ndi mwezi. Mnyamata wina akuyenda m'dera lathu kulemba mayina, ndipo akuti tipereke kangachepe ka fomu. Bambo anga ali ndi zaka 81. Ndipereke? (Bambo wa ku Chilomoni)

Yankho: Musapereke ngakhale tambala, Bambo. Kulembetsa thandizo lililonse la boma nkwaulere. Kalembera weniweni amalengezedwa ndi khonsolo kudzera kwa khansala ndi mafumu, ndipo olemba amakhala ndi ziphaso zawo za ntchito. Mnyamatayo mukamunene kupolisi, komanso musamupatse chiphaso cha bambo kuti achijambule, chifukwa chiphaso cha nkhalamba anthu amalembetsera simu kadi ndi kutengera ngongole.

Lamulolo lilipodi. Nyumba ya Malamulo inalivomereza mu 2024, patapita zaka kuchokera pamene boma linakhazikitsa mfundo zoyendetsera nkhani za achikulire mu 2016. Limawerenga munthu wa zaka 60 kupita m'tsogolo kukhala wachikulire, limaletsa nkhanza kwa iwo, ndipo linatsegula khomo la thandizo la ndalama. Koma lamulo palokha silitulutsa ndalama. Pafunika unduna ukonze ndondomeko ya olandira ndi kalandiridwe, kenako aphungu aike ndalamazo mu bajeti. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 April, ndipo miyezi ya kumayambiriro kwa chaka nduna ya zachuma imayenda kumva maganizo a anthu, kuno ku Blantyre komwe. Imeneyo ndiyo nthawi yolembera phungu wanu, kapena kupereka mawu anu kudzera ku bungwe la MANEPO, lomwe limayankhulira achikulire.

Zoti dziko losauka silingakwanitse kupereka ndalama kwa okalamba sitikuvomereza msanga. Lesotho inayamba kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 mu 2004, Zanzibar mu 2016, Kenya mu 2018. Ubwino wa ndalama yotsata zaka ndi woti safunsa kuti mwana wanu amagwira kuti. Chiphaso chikasonyeza zakazo, basi. Nchifukwa chake tikupempha aliyense aone chaka chobadwa chimene chinalembedwa pa chiphaso cha kholo lake. Pa kalembera wa 2017 okalamba ambiri anangotchula zaka mongoyerekeza, ndipo ena anadzichepetsera zaka zambiri. Kukonza zimenezi ku NRB, ofesi yopereka ziphaso za unzika, kumatenga nthawi, choncho yambani lero, mutatenga umboni umene ulipo monga kalata ya ubatizo kapena ya amfumu.

Funso: Pa malipiro anga amadula msonkho wambiri. Kodi sangandichepetsereko poti ndikusamalira makolo awiri? (Mphunzitsi wa ku Zingwangwa)

Yankho: Ayi, Aphunzitsi. Msonkho wa PAYE umangoyang'ana kukula kwa malipiro, suwerenga anthu okudalirani. Wolera makolo awiri ndi wokhala yekha amadulidwa chimodzimodzi akamalandira mofanana. Pamene mungapezeko mpumulo ndi pa sikimu ya zachipatala, ngati muli nayo: funsani ngati imalola kuwonjezera kholo, zaka zimene imalekezera, ndi miyezi yodikira matenda amene munthu anali nawo kale asanayambe kulipiridwa.

Funso: Agogo amene anandilera agonekedwa kuchipatala kawiri chaka chino ndipo gadiyani ndine ndekha. Ndajomba masiku asanu ndi anayi, abwana andipatsa kalata yochenjeza. Ndikuganiza zongosiya ntchito, nditenge penshoni yanga ndiziwasamalira bwino. Mundilangize. (Mtsikana wa ku Bangwe)

Yankho: Achemwali, kalata yosiyira ntchitoyo musalembe. Tifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi masiku amene lamulo limakupatsani.

Lamulo la zantchito la 2000 limapereka tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Limaperekanso tchuthi cha matenda, masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro, kwa amene wakwanitsa chaka pantchito. Koma chimenechi ncha matenda anu, osati a agogo, ndipo kugula kalata yabodza ya dokotala ndi njira yachidule yochotsedwera ntchito. Tchuthi chosamalira kholo m'lamulo lathu mulibe. Ku Japan wantchito amatha kutenga masiku 93 osamalira wachibale akulandira gawo la malipiro ake, ndipo ku UK kuyambira mu 2024 amapatsidwa sabata imodzi pachaka yopanda malipiro. Ngakhale sabata yopanda malipiroyo ikanapulumutsa ntchito za atsikana ambiri ngati inu, ndipo boma silikanatulutsa ndalama.

Pali mizere iwiri m'lamulo lathu imene muyenera kuidziwa pamodzi. Umodzi umati udindo wa pabanja si chifukwa chosalira kapena kuchotsera munthu ntchito. Wina umati kujomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka kungachotsetse munthu nthawi yomweyo. Chimene chimakuikani mbali yotetezeka ndi pepala. Anthu ambiri amagonja pamlandu chifukwa anapempha pakamwa, kapena anatuma mnzawo kuti akanene, ndipo tsiku la mlandu palibe amene akukumbukira.

Yankhani kalata yochenjezayo polemba, mwaulemu, mutchule masiku amene agogo anagonekedwa ndi kutuluka, muphatikizepo fotokope ya tsamba la buku lawo la kuchipatala. M'kalata yomweyo pemphani chinthu chooneka: kuti masiku asanu ndi anayiwo achotsedwe pa tchuthi chanu cha pachaka, kuti tchuthi chotsalacho muzitenga tsiku limodzilimodzi pa masiku a sikelo ya agogo, kapena kuti akusinthireni shifiti. Bwana amavomera msanga pempho lokhala ndi masiku ndi maola kusiyana ndi lakuti "mundimvetse". Sungani kope yosainidwa. Tsiku la ngozi tumizani uthenga wa pafoni nthawi yoyambira ntchito isanakwane, ndipo musaufufute. Akakuchotsani osakupatsani mpata wodziteteza, muli ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya leba, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la Industrial Relations, lomwe lili konkuno ku Blantyre.

Tsono za kusiya. Wosiya yekha salandira ndalama zimene amapatsidwa munthu wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito. Penshoni simuitenga mawa lake: lamulo la penshoni la 2023 limafuna mukhale miyezi itatu osagwira ntchito, ndipo gawo lina limatsala mpaka mudzafike zaka zopumira. Mwezi uliwonse inu mumaikamo 5 kwacha pa 100 iliyonse ya malipiro, abwana 10, kuphatikizapo inshuwalansi ya moyo imene abwana amakulipirirani. Zonsezo zimaima tsiku lomwe mwasiya. Matenda a ukalamba amatha zaka, ndipo ndalama yolandira kamodzi imasungunuka ndi kukwera kwa mitengo, monga tinaonera kwacha itagwa ndi 44 pa 100 mu November 2023. Kulipira munthu wokhala ndi agogo masana nkotsika mtengo kuposa kutaya malipiro onse. Ndipo agogowo ali ndi ana ndi adzukulu ena. Itanitsani mwini mbumba akhazike anthu pansi, ugadiyani ugawidwe ndi masiku olembedwa, osati ndi malonjezo a pamaliro.

Funso: Bambo anga sadzukanso pabedi ndipo ayamba zilonda kumsana. Kuwatengera kuchipatala ndimachita hayala galimoto. Kodi pali chimene boma limathandiza odwala otere ali kunyumba? (Bambo wa ku Machinjiri)

Yankho: Chilipo, Bambo, ndipo ili ndilo gawo la ndalama za boma limene mabanja ambiri amalisiya osaligwiritsa ntchito, chifukwa silibwera m'manja ngati ndalama. Chithandizo m'zipatala za boma nchaulere. Khomo lolowera ndi chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, monga South Lunzu, Ndirande, Limbe, Bangwe, Chilomoni kapena Zingwangwa. Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma lake ngati maboma ena, choncho aliyense amathamangira ku Gulupu (chipatala cha Queen Elizabeth), koma kumeneko pitani ndi kalata yotumizidwa. Ku Gulupuko kuli kiliniki ya Tiyanjane, yosamalira akuluakulu odwala matenda osachiritsika ndi kuchepetsa ululu wawo. Pemphani dokotala kuti alembe m'buku la bambo kuti akufunika chisamaliro chotere, ndipo funsani ngati mungamakawatengere mankhwala inuyo ndi bukulo masiku amene sikofunika kuwaona. Pamenepo pokha mupulumutsa ndalama zambiri za hayala. Mufunsenso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ngati kuli gulu loyendera odwala m'makomo. Wodwala sitiroko afunika mafizo msanga, ndipo ku Kachere, pafupi ndi Gulupu, ndi kumene amaphunzitsa zimenezi, kuphatikizapo kuphunzitsa gadiyani. Agogo amene asiya kuyenda chifukwa cha ng'ala apite ku chipatala cha maso cha Lions pa Gulupu pomwepo. Opaleshoni ya ng'ala ndi yaifupi, ndipo imabwezera munthu ku moyo wodzisamalira yekha.

Zilondazo musazichedwetse. Zimayamba chifukwa fupa limapanikiza khungu pa matiresi mpaka magazi kuleka kufikapo. Malo ake ndi kumunsi kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zidendene, zigongono ndi mapewa. Chizindikiro choyamba ndi khungu lakuda kapena lofiirira kuposa lozungulira, lotentha kapena lolimba, lomwe silibwerera mwakale mukamutembenuza. Mankhwala ake enieni ndi kutembenuza wodwala maola awiri aliwonse masana, usiku kawiri kapena katatu: kumanzere, chagada, kumanja. Ikani pilo pakati pa mawondo, ndi ina pansi pa akatumba kuti zidendene zilendewere. Powasuntha musawakoke, koma anthu awiri anyamule ndi chitenje choyalidwa pansi pawo, chifukwa kukoka kumang'amba khungu. Pulasitiki yotchinga mkodzo ikhale pansi pa nsalu, isakhudze thupi, ndipo nsalu yonyowa isinthidwe nthawi yomweyo. Pamalo pomwe payamba kuda musapatikite. Chilonda chotseguka chitsukeni ndi madzi owiritsa ozizira, lita imodzi yothira mchere masupuni aang'ono awiri, kenako muphimbe ndi nsalu yoyera. Musathirepo sipiriti, phulusa kapena ufa wa makapisozi. Chikayamba kununkha, kutuluka mafinya, kuda mkati, kapena bambo akatentha thupi, limenelo ndi tsiku lochita hayala.

Podyetsa, akhale tsonga ndipo akhalebe choncho mphindi 30 atatha kudya. Phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa lamadzimadzi kwa munthu wa sitiroko. Akamatsokomola pomeza, chakudya chikulowa njira ya mpweya, ndipo mathero ake ndi chibayo. Muphalamo muziika nsinjiro, soya, dzira kapena ufa wa usipa, chifukwa chilonda sichipola pa thupi losowa chakudya chomanga. Mankhwala a BP ndi a shuga salekezedwa poti munthu akuoneka bwino. Mukawapeza atatha kuchipatala, pemphani akulembereni dzina ndi mlingo wake kuti mukagule omwewo. Akapatsidwa mofini wamadzi musaope, perekani pa nthawi yake monga alembera, ndipo pemphani mankhwala ofewetsa chimbudzi, pakuti mofini amamanga m'mimba.

Funso: Mayi athu ali kumudzi kwa Somba ndipo amalandira Mtukula Pakhomo pafoni. Ayamba kuiwalaiwala, usiku amatuluka kumayendayenda, ndipo anthu ayamba kunong'ona za ufiti. Foni imasungidwa ndi mdzukulu, ndalama sizioneka. Ife ana tonse tili pantchito m'tauni. Titani? (Mayi wa ku Chirimba)

Yankho: Mayi, nkhani ya ufitiyo ikhale yoyamba, chifukwa imapha. Ku Neno mu January 2016 okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo pa mphekesera zotere. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za matenda a ubongo oiwalitsa, omwe amagwira okalamba ambiri: munthu amasokoneza usiku ndi usana, amasochera pakhomo pake, nthawi zina amavula kapena kuvomera zinthu zimene sanachite. Atengereni kuchipatala, pakuti kusokonezeka kobwera mwadzidzidzi kumayambanso ndi malungo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga, ndipo zimenezo zimachizika. Dokotala alembe m'buku, kenako pitani nalo kwa amfumu, muwapemphe alengeze pamsonkhano kuti mayi akudwala. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911 lomwe likugwirabe ntchito. Wina akayamba kuopseza, kaneneni ku ofesi ya Victim Support ya kupolisi zisanafike poipa. Usiku azigona ndi munthu m'nyumba, chitseko chikhale ndi loko wapamwamba kapena kabelu, ndipo moto ndi mankhwala a mbewu zikhale kutali.

Za ndalama, vuto ndi loti amene ali ndi foni ndi nambala yachinsinsi ndiye mwini ndalama. Pitani ku komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'mudzimo pamodzi ndi mayi, mulembetse wolandira m'malo amene banja lonse lagwirizana, ndipo nambala yachinsinsi isinthidwe kwa ejenti wovomerezeka mayi ali pomwepo ndi chiphaso chawo. Komiti ikapanda kuthandiza, pali komiti ya madandaulo, ndipo pamwamba pake pali ofesi ya chisamaliro cha anthu ya kwa DC. Mugule kope imodzi yokhala pakhomopo: tsiku lolandira, kuchuluka kwake, zimene zagulidwa. Uthenga wa pafoni wosonyeza kuti ndalama zalowa usafufutidwe mpaka mmodzi wa inu atauona.

Mdzukuluyo musathamangire kumuweruza. Ngati ndiye amatunga madzi, kuphika, kuchapa ndi kudzuka usiku, akugwira ntchito imene inu a m'tauni mukanalipira munthu. Mugwirizane ndalama yake ya pamwezi yochokera m'matumba mwanu, yosiyana ndi ya mayi, muzitumiza tsiku lodziwika pa Airtel Money kapena Mpamba. Mumupatse tsiku limodzi pa sabata lopuma, mmodzi wa inu kapena wachibale wina atalowa m'malo. Ngati ali wa msinkhu wa sukulu, ntchitoyi si yake, pezani munthu wamkulu. Mukalemba wantchito wochokera kunja kwa banja, funsani ku ofesi ya leba malipiro ochepetsetsa a wantchito wa pakhomo amene alipo panopa, mulemberane pepala, ndipo sabata yoyamba mmodzi wa inu akhale naye kumuonetsa kasambitsidwe, nthawi za mankhwala, ndi nambala zitatu zoimba zinthu zikavuta.